Shelefu yagalasi yoikapo dikoda pansi pa TV: ndi yabwino, koma masikuluwu ake musawadalire

Mukapachika TV pakhoma, dikoda imasowa pokhala. Ena amaisiya pansi pomwe imamwa fumbi ndi madzi okolopera, ena amaikhazika pampando, ena amaipanikiza kuseri kwa TV yomweyo kenako n'kumadandaula kuti rimoti yasiya kumva. Shelefu yagalasi yokhomera kukhoma inapangidwira vuto limeneli. Imapezeka m'mashopu a zamagetsi ndi a hadiweya m'matauni athu, kaya ndi ku Limbe, ku Malangalanga mu Lilongwe kapena ku Mzuzu, ndipo nthawi zambiri imabwera m'katoni yopyapyala yopanda dzina la kampani yodziwika. Kapangidwe kake kamafanana pafupifupi kulikonse, choncho zimene ndinene pano zikukhudza mashelefu ambiri a mtunduwu.

Ndinene msanga maganizo anga. Galasi lake ndi labwino, chitsulo chake n'chokwanira pa ntchito ya dikoda, ndipo ikakhomedwa bwino imakongoletsa pabalaza. Koma masikuluwu ndi mafisha pulagi (timapulasitiki tolowetsa m'bowo la khoma kuti sikuluwu igwire) amene amaika m'kathumba ka pulasitiki sagwirizana ndi makoma a nyumba zathu zambiri. Shelefu yotere ikagwa, mukapita kukaona mumapeza kuti chitsulo chili bwinobwino, sikuluwu ili m'manja mwake, pulagi yazuka ndi chibulumwa cha pulasitala.

M'katonimo mumapeza galasi limodzi, lakuda kapena loonekera, la masentimita 30 mpaka 36 m'litali ndi pafupifupi 25 m'lifupi, lokhuthala mamilimita 5 kapena kuyandikira pamenepo. Mulinso bulaketi yomamatira kukhoma yokhala ndi mabowo awiri kapena anayi, mkono wogwira galasi, timphira toika pakati pa galasi ndi chitsulo, ndi chivindikiro cha pulasitiki kapena aluminiyamu chobisa zingwe. Pakatoni amalemba kulemera kumene shelefuyo ingasenze, kawirikawiri pakati pa makilogalamu 5 ndi 10. Dikoda ya GOtv, ya Kiliye Kiliye, ya Zuku, ya Azam kapena DStv HD yaing'ono ija ndi yopepuka kwambiri poyerekeza ndi nambala imeneyi. Amene ali ndi DStv Explora ayambe ayeza dikoda yawo asanagule, chifukwa ndi yaikulu ndipo kumbuyo kwake kumafunika malo a zingwe zingapo.

Pa galasi pali chinthu chimodzi chofunika kuchiona mudakali m'shopu. Liyenera kukhala galasi lolimbitsidwa ndi moto, limene pakona pake kapena pakatoni amalemba kuti tempered. Lotere limalimba kangapo kuposa galasi wamba la pawindo, ndipo likasweka limangoti phwa n'kusanduka timiyala ting'onoting'ono tosacheka kwambiri. Galasi wamba limasweka m'zipande zazitali zakuthwa, ndipo silofunika pamalo amene ana amaseweretsa mitu. Dziwaninso kuti galasi lolimbitsidwa silidulidwa kapena kubooledwa. Mukaona kuti ndi lalikulu kapena bowo lake silikugwirizana ndi mkono, musapite nalo kwa wodula magalasi, lidzaphulika m'manja mwake. Mphamvu yake ili pakati, kufooka kwake kuli m'mphepete. Yendetsani chala m'mbali monse, ndipo lokhala ndi kachibenthu ngakhale kochepa libwezeni.

Chitsulo cha bulaketi chimasiyana malinga ndi amene anapanga. Chabwino ndi chokhuthala mamilimita 1.5 kapena 2, chimene simungachipinde ndi manja. Mukachigwira n'kuona kuti chikuwerama ngati lata, dziwani kuti pakapita nthawi shelefuyo idzayamba kuweramira kutsogolo. Onaninso kutalikirana kwa mabowo okhomera, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa.

Anthu ambiri amaganiza kuti katundu wa makilogalamu 3 amakoka sikuluwu ndi mphamvu ya makilogalamu 3. Sizili choncho. Shelefu imatuluka kukhoma, ndiye katundu ali patali amakanula sikuluwu ya pamwamba monga mmene chitsulo chokanulira misomali chimachitira. Tiyerekeze kuti galasi ndi dikoda pamodzi zikulemera makilogalamu 3, ndipo pakati pa kulemerako pali pa masentimita 15 kuchokera kukhoma. Ngati kuchokera pa sikuluwu ya pamwamba kufika pamene bulaketi ikutsamira khoma m'munsi pali masentimita 10, sikuluwuyo ikukokedwa ndi mphamvu ya makilogalamu 4.5. Zimenezo si zambiri. Koma mwana wa makilogalamu 12 akagwira m'mphepete mwa galasi, pa masentimita 25, n'kulendewera, sikuluwu yomweyo imakokedwa ndi makilogalamu 30 owonjezera mwadzidzidzi. Bulaketi yaitali, ya mabowo otalikirana masentimita 20, imachepetsa mphamvu imeneyi ndi theka. N'chifukwa chake pakati pa mashelefu awiri ofanana mtengo ndimalangiza yokhala ndi bulaketi yaitali, ngakhale yaifupi ikuoneka yaudongo.

Tsopano onani zimene aika m'kathumba. Kawirikawiri ndi mafisha pulagi a mamilimita 6, otalika mamilimita 30, a pulasitiki youma imene imathyoka mukaipinda, ndi masikuluwu afupiafupi ofewa mutu. Pakhoma la konkire losapakidwa kanthu zikhoza kugwira. Koma pulasitala wa m'nyumba zathu amakhuthala mamilimita 12 mpaka 20, penanso kuposa pamenepo ngati womanga ankabisa khoma lokhota. Ndiye kuti theka la pulagi yotereyi limathera mu pulasitala, m'njerwa mumangolowa kansonga kokha. Pulasitala sagwira katundu, makamaka ngati simenti inachepa posakaniza. Muli m'shopu momwemo gulani mafisha pulagi a nayiloni a mamilimita 8, otalika 40 kapena kuposerapo, masikuluwu a 5 x 70 (okhuthala mamilimita 5, otalika 70), ndi mawashala. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi mtengo wa dikoda.

Kawerengedwe ka utali wa sikuluwu n'kosavuta. Phatikizani kukhuthala kwa bulaketi, kukhuthala kwa pulasitala, utali wa pulagi, n'kuwonjezera mamilimita 5 kuti nsonga ibzole pulagi ndi kuitambasula yonse. Bulaketi ya mamilimita 2, pulasitala wa 15 ndi pulagi ya 40 zimafuna sikuluwu yosachepera mamilimita 62, choncho ya 70 ndi yoyenera. Bowo likhale lakuya mamilimita 75 kuti nsonga isagunde. Pulagi muimenye mpaka ilowe kupyola pulasitala, ikakhale yonse m'njerwa. Njira yake ndi kulowetsa sikuluwu pang'ono mu pulagi n'kumenya mutu wake mofatsa ndi hamala. Makoma ambiri ogawa zipinda ndi a njerwa imodzi yogoneka, pafupifupi masentimita 11 osawerengera pulasitala, ndiye kulungani tepi pa biti (kachitsulo koboolera ka dirilo) pamlingo wa mamilimita 75 kuti musatulukire kuchipinda chogona.

Musanaboole, dziwani khoma lanu. Fumbi limene likutuluka ndilo limakuuzani. Loyera kapena lotuwa poyamba ndi pulasitala. Likasanduka lofiira ndiye kuti mwalowa m'njerwa yootcha, ndipo pamenepo ndi pabwino. Likapitirira kukhala lotuwa ndipo biti ikulowa mofewa, mwagwera pamzere wa matope omangira pakati pa njerwa, sunthani bowo masentimita 3 kapena 4 m'mwamba kapena m'munsi. Likatuluka dothi lofewa lakuderako, ndiye kuti nyumbayo inamangidwa ndi dothi pakati pa njerwa, zimene zili zofala m'madera ambiri, kapena khomalo ndi la zidina.

Pa njerwa yootcha yopsa bwino ntchito ndi yophweka. Yambani kuboola dirilo isanaikidwe pa hamala (switchi yoichititsa kumenya uku ikuzungulira) kuti pulasitala asagumuke, ndipo muiyatse pa hamala pokhapokha njerwa ikakana. Njerwa zambiri zoumba pamanja ndi zofewa moti hamala imangokulitsa bowo. Ngati mwaona kuti njerwa ndi yofewa, boolani ndi biti ya mamilimita 7 m'malo mwa 8 kuti pulagi ilowe mothina. Uzirani fumbi lonse lituluke m'bowo, maso mutatseka, chifukwa pulagi yokhala pafumbi imaterereka.

Mabuloko a simenti a mphako ndi nkhani ina, ndipo akuchuluka m'matauni kuchokera pamene boma linakhazikitsa malamulo a mu 2018 oletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa zomangamanga za boma ndi za malonda. Chikhoma cha buloko chimakhuthala pafupifupi mamilimita 25 mpaka 35, kuseri kwake kuli mphako. Biti ikalowa pang'ono n'kugwera m'malere, mwadziwa. Apa musagwiritse hamala konse, chifukwa imabenthula buloko mkati n'kusiya kachikhoma kopyapyala. Pulagi wamba imatambasukira mu mphako momwe mulibe choti igwire. Funsani mapulagi amene amadzipinda n'kupanga mfundo kuseri kwa chikhomacho mukamanga sikuluwu, kapena mabawuti a mapiko amene amatseguka mkati. Njira ina ndi kugogoda khoma ndi chigwiriro cha sikuludiraiva mpaka mutamva pamene sipakulira mphako, ndiye kuti mwapeza nthiti ya buloko, n'kuboola pamenepo.

Khoma la zidina kapena la njerwa zofumbutuka silisunga pulagi ya mtundu uliwonse kwa nthawi yaitali. Pali njira ziwiri zodalirika. Yoyamba ndi kuboola khoma lonse n'kudutsitsa bawuti yaitali ya M6 kapena M8 (yokhuthala mamilimita 6 kapena 8), kuseri kwake n'kuika washala wamkulu kapena kathabwa ndi nati. Yachiwiri ndi kugoba kadzenje ka masentimita 10 m'mbali zonse ndi kuya kwake, kotakasuka mkati kuposa pakamwa, kukanyowetsa, n'kudzazamo simenti gawo limodzi ndi mchenga magawo atatu. Dikirani sabata yathunthu musanaboole. Ngati zonsezi sizikutheka, shelefu imeneyi si yanu, ndipo katebulo kapansi kakutumikirani bwino. M'maofesi ndi m'nyumba zina zatsopano muli makoma a bolodi ya gypsum, amene mkati mwake muli mizati yachitsulo kapena yamatabwa yotalikirana masentimita 40 kapena 60. Pamenepo sikuluwu ilowe mu mzati.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndimadana nazo pa ntchito imeneyi. Choyamba ndi kusema kamtengo kapena kuthithikiza timitengo ta machesi m'bowo limene lakula. Tsiku loyamba zimagwira zolimba, koma mtengo umafufuma ndi chinyezi cha dzinja n'kunyala ndi dzuwa la mu Okutobala, ndipo chaka chisanathe shelefu imayamba kugwedera. Bowo likakula, kwerani pa pulagi ya mamilimita 10 ndi sikuluwu ya 6, kapena boolani pena. Chachiwiri ndi misomali ya konkire. Msomali umasenza bwino chinthu chokokera pansi, ngati chithunzi, koma ulibe mazinga oti ukane kuzulidwa, ndipo shelefu imakokera kunja.

M'khoma mumadutsa mawaya a magetsi, ndipo pansi pa TV ndi pamene soketi imakhala pafupi. Amisiri a magetsi otsata dongosolo amayendetsa mapaipi a waya molunjika m'mwamba, m'munsi kapena m'mbali kuchokera pa soketi ndi pa switchi. Choncho musaboole pamzere woongoka pamwamba pa soketi, pansi pake, kapena mopingasa pamlingo wake. Nyumba zina zinalumikizidwa mwachisawawa moti waya amadutsa chopendekera, ndiye zimitsani magetsi a chipindacho pabokosi lalikulu ndi kugwiritsa dirilo ya batire ngati ilipo. Biti ikagunda chinthu cholimba mwachilendo kapena mukaona tizidutswa ta pulasitiki m'fumbi, lekani pomwepo. Magetsi a ESCOM ndi a mavoti 230. Ngati kuseri kwa khomalo kuli bafa kapena khitchini, ganiziraninso za mapaipi a madzi.

Kakhomedwe kake kamatenga mphindi zosakwana ola limodzi ngati zida zilipo: dirilo, biti ya konkire, levulo, tepi yoyezera, pensulo, hamala ndi sikuludiraiva. Musalembe mabowo onse nthawi imodzi n'kuyamba kuboola, chifukwa biti imatsetsereka pang'ono ndipo shelefu imatha yopendekeka. Boolani la pamwamba lokha, mangani bulaketi mosalimbitsa, ikani levulo, kenako lembani otsalawo kudzera m'mabowo a bulaketi. Mukamanga zonse, kanikizani mkono wa bulaketi ndi dzanja mwamphamvu galasi lisanaikidwe. Ukagwedera kapena fumbi likayoyoka kuseri, musapitirire. Galasi liikidwe pomaliza, timphira tili m'malo mwake, ndipo masikuluwu ogwira galasi amangidwe ndi dzanja mpaka atangogwira. Kulimbitsa kwambiri kapena kusiya chitsulo chikhudze galasi mwachindunji ndiko kumachititsa kuti tsiku lina liphulike popanda wolikhudza.

Funso la msinkhu ndi lovutirapo kuposa mmene limaonekera. TV imaoneka bwino pakati pake pakakhala pamlingo wa maso a munthu wokhala pasofa, pafupifupi masentimita 100 mpaka 110 kuchokera pansi. TV ya mainchesi 43 ndi yotalika pafupifupi masentimita 56 kuchokera m'munsi kufika pamwamba, ndiye m'munsi mwake mumakhala pa masentimita 72 mpaka 82. Mukachotsa msinkhu wa dikoda ndi mpata wa mpweya, galasi limagwera pafupifupi pa masentimita 60 kapena 65. Umenewo ndi mlingo wa nkhope ya mwana amene wangoyamba kuyenda, ndipo kuli kagetsi kothwanima komukopa. M'nyumba ya ana aang'ono ndi bwino kukweza zonse ndi masentimita 20 kapena 30 n'kuweramitsa TV pang'ono, kapena kukhoma shelefu pambali pa TV m'malo mwa pansi pake. Sankhaninso galasi la makona ozungulira. Ngati TV yanu ili pa bulaketi yotembenuka, ikokeni ndi kuiweramitsa mbali zonse musanalembe pensulo, kuti muone pamene m'munsi mwake mumafika.

Pakati pa dikoda ndi TV pasiyidwe masentimita osachepera 10. Zifukwa zake ndi zitatu. Dikoda imatulutsa kutentha kudzera m'timabowo ta pamwamba ndi m'mbali. Masipika a ma TV ambiri opyapyala amayang'ana pansi, ndipo galasi likayandikira kwambiri mawu amasintha, nthawi zina galasilo n'kumanjenjemera. Diso la rimoti la TV nalonso limakhala m'munsi momwemo, ndipo dikoda yokwera ikhoza kuliphimba kwa munthu amene wakhala pamkeka.

Pa nkhani ya kutentha shelefu imeneyi ndimaipatsa ulemu. Ili poyera mbali zonse, mosiyana ndi kabati yotseka imene imaphika dikoda miyezi yotentha. Dikoda yotenthedwa imauma chithunzi, imadzizimitsa ndi kudziyatsa yokha, ndipo timakapasita ta mkati timatupa msanga. Yokhala ndi hard drive ngati Explora imavutika koposa. Koma galasi lilibe mabowo, choncho timiyendo ta mphira ta pansi pa dikoda tikhalepo kuti mpweya uzidutsa, ndipo ngati tinathothoka matanipo tina. Kansalu koluka kamene timakonda kuyala pa zinthu za pabalaza kasayalidwe pa dikoda. Musasanjikizenso rauta kapena DVD pamwamba pake. Ngati zipangizo ndi ziwiri, pali mashelefu a magalasi awiri pa bulaketi imodzi yaitali, ndipo amenewo amagwiranso khoma bwino kuposa a galasi limodzi. Ubwino wina ndi wakuti mphemvu ndi nyerere, zimene zimakonda kufunda kwa dikoda, sizifika mosavuta ngati mmene zimachitira m'kabati. Kuipa kwa galasi lakuda ndi fumbi, limene limaonekera tsiku lomwelo m'nyengo ya chilimwe.

Chivindikiro chobisa zingwe ndicho chinthu chofooka chachiwiri pambuyo pa masikuluwu. Ndi chachifupi ndiponso chopapatiza. Zingwe zofika pa dikoda ndi zitatu kapena kuposa: cha dishi kapena mlongoti, cha HDMI, ndi cha adaputa ya mavoti 12. Amene akugwiritsabe zingwe zitatu zija, yachikasu, yoyera ndi yofiira, ndiye kuti mulu wakula. Mitu ya HDMI simalowa m'zivindikiro zina pokhapokha mutazichotsa kaye. Ndi bwino kugula trunking ya pulasitiki (kangalande kotseka kodutsitsamo zingwe pakhoma) ya mamilimita 25 x 16 kapena 40 x 25, kuidula pamlingo wochokera kuseri kwa TV kufika pa shelefu ndi wina wochokera pa shelefu kupita ku soketi. Yomata yokha imamatuka pakhoma la laimu kapena la penti yofumbutuka, choncho ikhomereni ndi timasikuluwu pa masentimita 40 aliwonse. Waya wa magetsi a mavoti 230 asayende mothinana ndi chingwe cha mlongoti mtunda wautali.

Chingwe cha dishi, chija cha RG6, n'cholimba ndipo sichifuna kupindidwa mwamphamvu. Pokhota pake pakhale potakasuka, pafupifupi masentimita 7 kuchokera pakati pa khotolo. Apa m'pamene kufupika kwa galasi kumaonekera. Dikoda ikakankhidwira kukhoma kuti isatulukire kutsogolo, chingwe chimathyokera pa F-connector (mutu wachitsulo wochilumikiza ku dikoda), ndipo zotsatira zake ndi chithunzi chodukaduka kapena uthenga wa E48-32 pa DStv ndi GOtv. Anthu amakwera padenga kukatembenuza dishi pamene vuto lili kuseri kwa dikoda. Siyani masentimita 6 mpaka 8 pakati pa dikoda ndi khoma, kapena gulani kolumikizira kokhota ngati chigongono, kamene kalipo ka F-connector ndiponso ka HDMI. Choncho poyeza m'shopu, pa kukula kwa dikoda yanu wonjezerani mpata umenewu.

Ngati mukudula chingwe kuti chifupike, samalani pomanga mutu watsopano. Sendani kuti waya wa pakati atuluke mamilimita 2 kapena 3 kupyola mlomo wa F-connector, ndipo timawaya ta ukonde tonse tipindidwire m'mbuyo. Dikoda ya setilaiti imatumiza mavoti 13 kapena 18 ku LNB (kachipangizo kolandira siginolo kutsogolo kwa dishi) kudzera m'chingwe chomwecho, ndiye kawaya kamodzi kokha ka ukonde kakakhudza wa pakati, siginolo imatheratu ndipo dikoda ikhoza kuwonongeka. Zulani dikoda ku magetsi musanamasule kapena kumanga chingwe chimenechi. Mutuwo umangidwe ndi zala, osati pulayazi.

Vuto lina limene katoni silitchula ndi lakuti madikoda ang'onoang'ono ndi opepuka kuposa zingwe zawo. Pagalasi loterera, kulemera kwa RG6 ndi adaputa yolendewera kumaikoka pang'onopang'ono mpaka kutembenuka kapena kugwera kumbuyo. Mangirirani zingwe ku bulaketi ndi timalamba ta pulasitiki kuti kulemera kwake kukhale pachitsulo. Adaputa isalendewere pa kawaya kake, chifukwa ndi mmene pakamwa polowera magetsi pa dikoda pamakhwepera, kenako dikoda n'kumazima munthu akangoyenda pafupi. Chingwe cha HDMI cha mita imodzi kapena imodzi ndi theka n'chokwanira. Chachitali chimangokhala nkhata yosonkhanitsa fumbi.

Anthu ena amafunsa chifukwa chogulira shelefu pamene pali timabulaketi tobisa dikoda kuseri kwa TV, tomangirira pa mabowo a VESA amene TV imapachikidwira. Timenetu timaoneka bwino chifukwa palibe chooneka. Koma rimoti za madikoda ambiri zimagwira ntchito ndi kuwala kwa infrared, kumene kumafuna kuona diso la dikoda. Mukaibisa mufunika kachingwe kotulutsa disolo panja, ndipo si dikoda iliyonse imene ili ndi polumikizira pake. Kuseri kwa TV ndi kotentha kale, komanso dikoda ikauma n'kufuna kuizula ndi kuibwezera, kapena kuwerenga nambala yake polipira, mumayenera kupisa dzanja pamalo osaoneka. Pa mfundo zimenezi shelefu yapoyera ikupambana. Imene ingapikisane nayo ndi ya kalipentala kapena wowotcherera zitsulo wa m'dera lanu: thabwa la mamilimita 18 pa mabulaketi awiri otalikirana masentimita 25 kapena 30. Yotereyi imagawa katundu pa masikuluwu anayi otalikirana, simasweka, mukhoza kuiboola timabowo ta mpweya ndi ta zingwe, ndipo mumaipangitsa pamuyeso wanu. Kwa nyumba ya ana ambiri, malo oonetsera mpira kapena pabala, ndingasankhe imeneyo. Yagalasi ikuiposa pa maonekedwe ndi pa kusatenga malo.

Shelefu siteteza ku magetsi, koma nthawi yoikhoma ndi yabwino kukonzeratu zimenezi. TV ndi dikoda zidutse pa TV guard kapena chotetezera china chimene chimachedwetsa kuyatsa magetsi akangobwera pambuyo pozima, chifukwa mphindi zoyambazo ndi pamene maadaputa amapsa. Ekisitenshoni ikhomeredwe kukhoma pamalo ofikika, isagone pagalasi pambali pa dikoda. M'nyengo ya mvula, kuyambira Novembala mpaka Epulo, mphezi ikhoza kulowera pa chingwe cha dishi kapena mlongoti, kudutsa mu dikoda, n'kukapsereza polowera HDMI pa TV. Kuzimitsa soketi kokha sikuthandiza pamenepo. Mitambo ikayamba kugunda chapatali, zulani pulagi ndi kumasula chingwe cha dishi, ndipo ziphaliwali zikafika pafupi musachigwirenso. Ichi ndi chifukwa chinanso chosiyira mpata kuseri kwa dikoda woti dzanja lilowe.

Amene muli pa lendi, kambiranani ndi eni nyumba musanaboole. Mabowo awiri kapena anayi a mamilimita 8 amatsekeka ndi Polyfilla (phala lomatira ming'alu ya khoma) ndi kapenti pang'ono, koma njira ya bawuti yobzola khoma imafuna chilolezo chenicheni.

Pogula, pemphani wogulitsa atsegule katoni. Werengani timphira, yesani ngati masikuluwu ogwira galasi akulowa m'mazinga ake popanda kukakamiza, ndipo khazikani bulaketi pa kauntala kuti muone ngati mkono wake waima molunjika, chifukwa ina imawotcheredwa mopendekeka ndipo levulo singakonze zimenezo. Funsaninso ngati angasinthe galasi likapezeka ndi chilema mukafika kunyumba. Patatha mwezi chikhomereni, chotsani dikoda ndi kuyesanso masikuluwu a kukhoma ndi sikuludiraiva. Sikuluwu imene ikungozungulira osalimba ikusonyeza kuti pulagi yasiya kugwira, ndipo galasi litsitsidwe kaye mpaka bowolo litakonzedwa ndi pulagi yokulirapo.